Hopley: mudzi wa anthu opanda kumudzi

Kombi idanditsitsa pa Mbudzi dzuwa litapendeka. Dzinali silidafune womasulira. Mshona akati mbudzi ife timati mbuzi, ndipo mphambanoyi idatchuka kalekale ndi malonda a mbuzi. Masiku amenewo milatho ikuluikulu imene adatsegula pamalopa mu 2025 idali isadamangidwe. Padali fumbi, malole opita ku Beitbridge ndi amayi ogulitsa tomato. Azakhali adali atandichenjeza pafoni kuti ndisayerekeze kuyenda ndekha kuchoka pamenepo, chifukwa njira za kwawo zilibe zikwangwani. Adatuma mdzukulu wawo kudzandichingamira.

Azakhali amenewa ndidali ndisadawaonepo. Agogo anga aamuna adachoka ku Dedza m'zaka za m'ma 1950, bambo anga ali kumsana, kupita ku Halale. Adachona. Adakwatira mayi wa Chishona pa famu ya fodya n'kubereka ana ena, ndipo chitsirizira mwa iwo ndi azakhaliwa. Tidapezana patapita zaka zoposa 60, mothandizidwa ndi anthu a mpingo komanso WhatsApp.

Madzulo a tsikulo, titakhala pakhonde, ndidayang'ana madenga a malata amene adangoti mbuu mpaka kumene maso amalekezera. Ndidafunsa: "Azakhali, kodi muno mumakhala anthu angati?"

Adaseka. Chichewa chawo chimatsamira ku Chishona, koma yankho lidamveka bwino lomwe. "Zimatengera wowerengayo wabwera ndi chiyani, mwana wa achimwene. Akabwera ndi ufa timachuluka. Akabwera ndi katapila timasowa."

Kuyambira pamenepo ndakhala ndikuwerenga za Hopley, ndipo ndaona kuti yankho la azakhali ndi lolondola kuposa manambala ambiri. Kuti munthu amvetse chifukwa chake, ayenera kuyamba ndi nthaka yeniyeniyo.

Mzinda wa Harare uli pamtunda wokwera pafupifupi mamita 1,500 kuchokera panyanja yamchere, kungotsala pang'ono kufika pa Dedza. N'chifukwa chake mu Juni ndi Julayi kumazizira ngati kwathu. Hopley ili kumwera kwa mzindawu, makilomita osakwana 20 kuchokera pakati pa tauni, pakati pa msewu wa Simon Mazorodze wopita ku Masvingo ndi msewu wopita ku Chitungwiza. Oyandikana nayo ndi Waterfalls, Glen Norah, Stoneridge ndi Southlea Park. Pafupi pomwepo pali okushoni ya fodya ya Boka, komanso manda aakulu a Granville amene aliyense amangoti ku Mbudzi.

Dera limeneli lili pakati pa mitsinje iwiri. Mukuvisi umadutsa mumzinda n'kulowera kumwera chakumadzulo. Manyame umayenda kumwera, kumalekanitsa Harare ndi Chitungwiza. Yonse imathera m'damu la Chivero, lomwe lidamangidwa mu 1952, ndipo m'menemo ndi momwe mzinda umatunga madzi akumwa. Ndiye kuti Harare idakhala kumtunda kwa chitsime chake chomwe: chilichonse chotayidwa mumzinda chimatsikira kumene anthu amamwa. Manyame ukachoka m'damuli umapitirira kumpoto mpaka kukathira mu Zambezi pa Cahora Bassa, m'chigawo cha Tete, chigawo chomwe matchona ankadutsa pobwera.

Nthaka ya ku Hopley ndi yamchenga, ndipo malo ena ndi madambo. Mchengawo ndi ndalama. Anyamata amaukumba n'kugulitsa kwa omanga nyumba, ena amaumba njerwa, ndipo maenje amene amatsala amadzaza madzi mvula ikayamba mu Novembala. Mabanja ambiri amadalira chitsime chokumba pamanja pa poloti pawo kapena mjigo. Mapoloti ndi aang'ono, choncho chitsime cha uyu chimayang'anizana ndi chimbudzi cha mnzake. M'dzinja madzi apansi akakwera, ziwirizi zimakumana. M'dziko limene kolera ya 2008 mpaka 2009 idagwira anthu pafupifupi 100,000 n'kupha oposa 4,000, palibe mayi wa ku Hopley amene sadziwa tanthauzo la zimenezi.

Nanga anthu adapezeka bwanji pamalo otere? Yankho limayambira mu Seputembala 1890, pamene gulu la Cecil Rhodes lidakweza mbendera pamalo amene adawatcha Fort Salisbury. Azungu adadzitengera kumpoto kwa mzinda. Mafakitale ndi malokeshoni a anthu akuda adawaika kumwera ndi kumadzulo, kuyambira ndi Harari, yomwe lero ndi Mbare, mu 1907, kenako Highfield m'zaka za m'ma 1930. Kunja kwa zonsezi kudali mafamu a azungu ozungulira mzinda ngati mpanda, ndipo Hopley idali imodzi mwa mafamu amenewo. Mpaka lero ambiri amati Hopley Farm.

Lamulo logawa malo la 1930 lidapereka pafupifupi theka la dziko kwa azungu, n'kukankhira eni nthaka m'madera osungirako anthu akuda. Maganizo a atsamunda adali akuti munthu wakuda m'tauni ndi mlendo. Abwere, agwire ntchito, akakalamba kapena kudwala abwerere kumudzi. Kwa Mshona kapena Mndebele, ngakhale lamuloli lidali lankhanza, kumudziko kudalipo. Koma gawo lalikulu la antchito a mu Salisbury, m'migodi ndi m'mafamu lidali lochokera ku Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Mozambique. Msonkho ndi kusowa kwa ntchito kwawo zidawatulutsa. Oyamba adayenda wapansi, kuwoloka Zambezi pa Tete. Kuyambira mu 1946 ena adapita kudzera m'bungwe lolemba antchito la boma la Southern Rhodesia, limene kwathu lidadziwika ndi dzina loti Mthandizi. M'nthawi ya chitaganya, kuyambira 1953 mpaka 1963, njirayi idangosanduka mseu wa aliyense. Agogo adapita nthawi imeneyo.

Anthu amenewa adalibe munda m'madera a eni nthaka. Mudzi wawo udali komboni ya pafamu, ya pamgodi, kapena nyumba ya lendi ku Mbare, Highfield, Mufakose, Mabvuku ndi Tafara. Iwo ndiwo adali m'gulu la anthu akuda oyamba kukhazikika m'tauni moyo wonse. Adamanga mipingo ndi mizikiti, adayambitsa magulu othandizana pamaliro, ndipo gule wamkulu, amene Ashona amati zvigure, adayamba kutuluka m'malokeshoni. Eni dziko adawatcha Mabhurandaya, kutengera dzina la Blantyre. Wolemba mbiri Zoë Groves adafotokoza bwino za moyo wawo m'buku lake la 2020 lonena za matchona a ku Malawi ku Zimbabwe.

Ufulu utabwera mu 1980, malamulo oletsa anthu akuda kukhala m'tauni adatha, koma nyumba sizidakwane. Anthu adayamba kumanga zisakasa kuseri kwa nyumba za eni ake ndi pamalo opanda kanthu. Mu 1991, pokonzekera msonkhano wa mayiko a Commonwealth umene Mfumukazi Elizabeth II idabwerako mu Okutobala, akuluakulu adasesa anthu osowa pokhala mumzinda n'kukawasiya ku Porta Farm, kufupi ndi Norton, m'mbali mwa damu la Chivero. Adawauza kuti akhalako kwa kanthawi. Mu 1993 kudabweranso ena ochotsedwa ku Churu Farm ya Ndabaningi Sithole. Kanthawi kaja kadakwana zaka 14.

Kenako idafika 2000, chaka chimene kulanda mafamu a azungu kudayamba. Nkhani ya amene adalandira malo ndi amene adalandidwa idamveka dziko lonse lapansi. Imene sidamveke kwambiri ndi ya antchito a m'mafamumo, omwe ambiri mwa iwo adali ana ndi zidzukulu za matchona. Ntchito itatha, komboni nayo idatha. Mu 2001 lamulo la unzika lidasinthidwa, ndipo munthu wobadwira ku Zimbabwe koma kholo lake lili lochokera kunja ankayenera kukana unzika wa dziko la khololo, dziko limene mwina sadaliponde n'komwe. Ambiri adatsala ndi zitupa zowalemba kuti ndi alendo, ndipo adataya mwayi wovota. Nthawi yomweyi Pulezidenti Robert Mugabe adafika ponyoza anthu a ku Mbare kuti ndi opanda mitupo. Mutupo ndi chimene ife timati mfunda kapena chiwongo. Amene ankanenedwawo ndi Aphiri, Abanda, Amwale ndi Ankhoma.

Azakhali adachoka pafamu nthawi imeneyo, amuna awo atamwalira kale, n'kukapeza malo ku Porta Farm. Ankagulitsa nsomba za m'damu.

Mu Meyi 2005 boma lidayamba ntchito yogwetsa nyumba ndi misika imene lidati ndi yosaloledwa. Lidaitcha Murambatsvina. Kuti ndimasulire mawuwa m'Chichewa ndinganene kuti wokana nyansi, ndipo amene adagwetseredwa nyumba adamva bwino lomwe kuti nyansizo ndani. Mlembi wamkulu wa United Nations, Kofi Annan, adatuma Anna Tibaijuka wa ku Tanzania kuti akaone. Lipoti lake, limene lidatuluka mu Julayi chaka chomwecho, lidati anthu pafupifupi 700,000 adataya nyumba, ntchito kapena zonse ziwiri, ndipo ena 2.4 miliyoni adakhudzidwa m'njira zosiyanasiyana. Porta Farm idagwetsedwa kumapeto kwa Juni, pakatikati pa chisanu, ngakhale khoti lalikulu lidali litaletsa kusamutsa anthuwo popanda kuwapezera malo ena.

Anthu ogwetseredwa nyumba ankauzidwa mawu amodzi: bwererani kumusha. Pantchito yanga yomasulira, mawu ngati amenewa ndi osavuta. Kumusha ndi kumudzi, basi. Koma kuphweka kwakeko kumabisa chinthu chachikulu, ndipo ndidachiona nditaganizira za azakhali. Kwa Ashona mwana ndi wa kwa bambo, ndipo kumusha kwake ndi kumene bambo ake adachokera. Choncho abale a mayi awo ankati kwawo kwa azakhali ndi ku Malawi. Kwa ife Achewa a ku Dedza mwana ndi wa kwa mayi. Agogo pamudzi pathu adali mkamwini, ndipo kwawo kwenikweni ana a mwamuna wochona sawerengedwa m'mbumba. Choncho akwathu akadafunsidwa akadati kwawo kwa azakhali ndi ku Zimbabwe, kwa mayi awo. Mbali iliyonse, potsata mwambo wake mosalakwitsa, idawapereka ku mbali inayo. Timati kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka. Mwambiwu sunaganizire za munthu amene midzi iwiri yonse ikumulozera kwina.

Anthu ambiri adakwezedwa malole kupita kumidzi. Amene adalibe kolowera adawasonkhanitsa ku Caledonia Farm, kum'mawa kwa mzinda, kenako kampu imeneyo itatsekedwa ambiri adawapititsa ku Hopley. Kumeneko kudafika ochokera ku Porta Farm, ku Hatcliffe Extension ndi ku Mbare. Si onse adali ana a matchona. Padali amasiye, okalamba, ndi Ashona obadwira m'tauni amene kumusha adangokumva m'nkhani. Chimene chidawaphatikiza n'chakuti atafunsidwa za kwawo, adalibe yankho lokhutiritsa wofunsayo. Boma lidalengeza ntchito ina yomanga nyumba yotchedwa Garikai kapena Hlalani Kuhle, kutanthauza kuti khalani bwino. Nyumba zimene zidamangidwa ku Hopley zidali zochepa, zambiri zosamaliza, zopanda madzi ndi zimbudzi. Azakhali amati adatha dzinja loyamba pansi pa pulasitiki.

Tsopano tibwere ku manambala. Mu 2010 bungwe la Amnesty International lidati ku Hopley kumakhala anthu pafupifupi 5,000. Kalembera wa 2012 sadaiwerenge payokha. Adaiphatikiza m'boma lotchedwa Harare Rural, dzina losonyeza kuti pamapu dera lonseli lidali likadali mafamu. Boma limeneli lidapezeka ndi anthu 113,599, pamene Harare Urban idali ndi 1,485,231, Chitungwiza 356,840, ndipo Epworth 167,462. Chigawo chonse cha Harare chidali ndi anthu 2,123,132. Patangopita zaka zochepa, mabungwe ogwira ntchito ku Hopley, kuphatikizapo UNFPA, adayamba kutchula anthu pafupifupi 200,000 a Hopley yokha, nambala yoposa ya boma lonse lija. Pa kalembera wa 2022 chigawo cha Harare chidapitirira anthu 2.4 miliyoni. Chitungwiza idangokula ndi anthu 4 pa 100 alionse, pamene Epworth, yomwe ikufanana ndi Hopley m'zambiri, idakula ndi 23 pa 100 alionse.

Kusiyana kwa manambalawa kuli ndi zifukwa zake. Choyamba, Hopley idakuladi mofulumira. Anthu othawa lendi yodula ku Glen Norah, Highfield ndi Mbare adakhamukirako. Dera limene poyamba lidagawidwa m'mazoni asanu ndi limodzi lidasefukira, ndipo mbali imene anthu adangodzikhazika okha imatchedwa Gada. Nyumba zina zafika m'mphepete mwenimweni mwa manda. Chachiwiri, palibe mzere umodzi wovomerezeka wosonyeza pamene Hopley imathera. Wina akati Hopley akunena mazoni oyamba aja, wina akuphatikiza Gada ndi mafamu oyandikana nawo. Chachitatu ndi chimene azakhali adanena. Munthu amene adaonapo dzina lake likulembedwa m'kaundula lero, mawa lole n'kubwera, sathamangira kuwerengedwa. Pa poloti imodzi pamakhala mwini wake, alendi awiri kapena atatu, ndi wachibale amene wangofika kumene. Amene atchulidwe kwa mlendo wonyamula cholembera amadalira chimene mlendoyo wadzera.

Kusawerengedwa kuli ndi mtengo wake. Sukulu, chipatala ndi mapaipi zimapita kumene mapu ndi kalembera zikusonyeza kuti kuli anthu. Lipoti la Amnesty la mu Disembala 2010 lidapeza makanda 21 amene adamwalira ku Hopley m'miyezi isanu yokha. Chipatala cha amayi oyembekezera chapafupi chidali pa mtunda wa makilomita 8, ndipo chinkafuna madola 50 a ku America, ndalama zimene ambiri adalibe. Amayi ankachirira m'zisakasa zozizira. Lero kuli chipatala ndi sukulu zotchedwa Tariro, kutanthauza chiyembekezo, koma anthu adachuluka kale kuposa zimene zingakwanitse.

Pali kaundula mmodzi amene dera lino silidaiwalikemo, ndiye wa mavoti. Pa zisankho za 2008 ndi 2018, Harare South ndi mpando wokhawo wa phungu umene chipani cholamula cha ZANU-PF chidapambana m'chigawo cha Harare. Ofufuza ambiri alemba kuti malo kumwera kwa mzinda ankagawidwa kudzera m'makopaletivu ogwirizana ndi andale, ndipo munthu wopanda chikalata cha umwini wa poloti amakhala womvera amene adampatsa. Komiti imene idatsogozedwa ndi Jaji Tendai Uchena, yomwe idayamba ntchito mu 2018 n'kupereka lipoti lake mu Disembala 2019, idapeza kuti malo ambiri a boma ozungulira mizinda adagulitsidwa mwachinyengo ndi anthu amene sadali eni ake. Pofika chisankho cha 2023 ovota adali atachuluka kotero kuti Harare South idagawidwa patatu: Harare South, Churu ndi Hunyani.

Kwa ana a matchona, chitseko chidatseguka pang'ono mu 2013. Malamulo aakulu atsopano a dziko la Zimbabwe adanena kuti munthu wobadwira m'dzikomo, amene kholo lake lidali nzika ya dziko lina la SADC ndipo iye ankakhala m'dzikomo, ndi nzika yobadwa. Malamulo omwewo adavomereza zilankhulo 16, ndipo chifukwa chotsata alifabeti, choyamba pamndandandawo ndi Chichewa. Nditawerenga koyamba ndimeyi ndidanyadira. Azakhali nditawauza adangogwedeza mutu. Kuti asinthe chitupa chawo adafunsidwa kalata ya kubadwa, ndipo munthu wobadwira pakomboni ya famu m'zaka za m'ma 1960, makolo onse atamwalira, kalata yotereyi aitenga kuti? Zidawatengera maulendo angapo ndi mboni ziwiri. Adzukulu awo ena mpaka lero alibe kalata, chifukwa mayi wopanda chitupa salembetsa mwana mosavuta.

Ndikamalemba izi sindikuloza chala anzathu a ku Zimbabwe okha. Kwathu fomu iliyonse ya boma imafunsa mudzi, mfumu yaikulu ndi boma lochokera. Ifenso timakhulupirira kuti munthu wa ku Mtandire, Mgona, Kauma, Ndirande kapena Mbayani ali ndi kwawo kwina kumene adzapite zinthu zikavuta, ndiponso kumene tidzamunyamulire akamwalira. Chikhulupiriro chimenechi chimatipeputsira mlandu, chifukwa ngati anthuwo ndi odutsa, palibe chifukwa chowakokera madzi kapena kuwapatsa zikalata za malo. Atsamunda ankaganiza chimodzimodzi. Koma m'malo amenewa muli kale mbadwo wachitatu wobadwira momwemo. Hopley ikutionetsa zimene zimachitika boma likatenga mawu oti kumudzi n'kuwasandutsa lamulo.

Tsiku loti ndinyamuke, ndidafunsa azakhali ngati angakonde kudzaona ku Dedza. Adati angakonde, koma kukaona chabe. Bambo awo adaikidwa pafamu imene lero ili ndi mwini wina. Iwo adalowa gulu la maliro la amayi a mpingo, ndipo amapereka mwezi ndi mwezi kuti adzagone ku Mbudzi, pamtunda woyenda wapansi kuchokera pakhomo pawo.

Kenako adandiuza kuti nditulutse kope langa. Adayamba kutchula mayina a ana awo, a adzukulu, ndi a kamdzukulutuvi kamene kadali kumsana kwa mayi ake, aliyense ndi chaka chake chobadwa ndi malo amene adabadwira. Awiri pafamu, atatu ku Porta Farm, otsalawo ku Hopley. Onse pamodzi adakwana 14.

"Mukafika mukawawerengere achimwene," adatero. "Akadziwe kuti kuno tilipo angati."

Ndidakwera basi ya ku Blantyre m'mawa mwake, kudzera ku Nyamapanda, Tete ndi Mwanza, njira ya agogo koma chobwerera. Patapita masiku awiri ndidakhala pakhonde ku Dedza n'kuwawerengera bambo mayinawo limodzilimodzi. Adandiuza kuti ndibwerezenso, pang'onopang'ono, kuti awagwire.